Kuweta Nsomba m'Thanki Yagalasi Pakhomo: Poyambira Pake

Pulogalamu ya lero ikukamba za kuweta nsomba m'thanki yagalasi m'nyumba, makamaka kwa munthu amene akuyamba kumene.

Thanki yotereyi, imene m'masitolo a ku Tete amaitcha aquário, si dziwe la nsomba zandiwo ayi. Nsomba zake n'zokongoletsa nyumba, zopumitsa maganizo, ndiponso zophunzitsa ana mmene zamoyo zam'madzi zimakhalira. Lusoli si la lero. Mumzinda wa London, nyumba yoyamba yoonetseramo anthu nsomba m'mathanki agalasi inatsegulidwa m'chaka cha 1853, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ntchitoyi inafalikira m'makomo a anthu padziko lonse.

Pali mfundo imodzi imene ikhala ikubwerezedwa lero: thanki iyambe yakhwima, nsomba zibwere pambuyo. Oyamba kumene ambiri amagula thanki ndi nsomba tsiku limodzi. Pakutha pa sabata imodzi kapena ziwiri, nsomba zija zayandama chagada, ndalama zalowa m'madzi, ana akulira. Kawirikawiri chimene chimapha nsombazo ndi changu cha mwini wake.

Nkhaniyi iyenda motere. Iyamba ndi thanki ndi malo oyiikapo. Kenako ikamba za madzi ndi kakhwimitsidwe ka thanki. Ikatero ifika pa kuzizira kwa kuno ku Angónia ndi nsomba zimene zingapirire. Pomaliza ikamba za chisamaliro cha tsiku ndi tsiku.

Choyamba, thanki. Ambiri amaganiza kuti woyamba kumene ayambe ndi kabotolo kapena kabakuli kagalasi. Zoona zake n'zakuti madzi ochepa amada msanga, amazizira msanga, ndipo amatentha msanga. Madzi ambiri amasintha pang'onopang'ono, motero amapatsa mwini wake mpata wokonza cholakwika nsomba zisanavulale. Thanki yabwino kuyambira ndi yolowa zidebe zitatu kapena zinayi za malita 20. Ikhale yaitali m'litali kusiyana ndi msinkhu, chifukwa mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba. Pamwamba pakatambalala, nsomba zimapuma bwino.

Thanki ikhoza kugulidwa yopangapanga, kapena mmisiri wodula magalasi akhoza kuilumikiza. Guluu wake ndi silikoni, koma osati silikoni aliyense. Uja wa m'bafa ndi m'khitchini nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndipo mankhwalawo ndi poizoni kwa nsomba. Thanki yatsopano idzazidwe madzi panja, pakhonde, ikhale masiku awiri kapena atatu kuti ioneke ngati ikudontha. Kudontha kukaonekera pakhonde, n'kokonzeka. Kukaonekera pabalaza usiku, ndi ngozi.

Madzi ndi olemera. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya zidebe zitatu, kuphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, imaposa kutali thumba la makilogalamu 50. Tebulo lake likhale lolimba, losagwedera ndi losapendekeka, chifukwa thanki yopendekeka imapanikiza galasi la mbali imodzi mpaka kusweka. Thanki yodzaza madzi siinyamulidwa, choncho malo ake asankhidwe kamodzi mosamala. Isakhale pawindo pamene dzuwa limawomba, chifukwa ndere zimachuluka mpaka madzi kubiriwira. Isakhale pakhomo pamene mphepo imalowera, kapena pafupi ndi mbaula ndi utsi wa kukhitchini. Pamwamba pake pakhale chivindikiro, poti nsomba zina zimadumpha, ndiponso mphaka ndi timanja ta ana sizichedwa kufika.

Pansi pa thanki pamaikidwa mchenga wokhakhala kapena timiyala. Za kumtsinje zimagwira ntchito bwino, bola zitsukidwe mobwerezabwereza mpaka madzi otsukira atayera, kenako zithiridwe madzi otentha. Sopo asayandikire n'komwe. Mwala uliwonse uyesedwe podonthezera viniga. Ukachita thovu, ndiye kuti uli ndi laimu, ndipo udzasintha madzi. Nsomba za ku nyanja ya Malawi zimakonda madzi otero, koma nsomba zina ayi. Zitsulo, mawaya ndi zidole zopaka penti zisalowe m'thanki.

Chipangizo chofunika koposa ndi sefa. Yosavuta ndiponso yotsika mtengo ndi ya siponji, imene imalumikizidwa ndi kapaipi ku kapampu ka mpweya. Thovu likamakwera, limakoka madzi kudutsa m'siponjimo. Ntchito yake ndi ziwiri: kukola zinyalala, ndi kusunga tizilombo tothandiza timene tikambidwe posachedwapa. Kapampuka kakhale pamalo okwera kuposa madzi, kuti magetsi akathima madzi asabwerere m'kapaipi n'kulowa m'makina. Mawaya onse alendewere pansi pang'ono asanafike pa soketi, kuti dontho loyenda pawaya ligwere pansi m'malo molowa m'magetsi.

(Kanyimbo kachidule)

Tsopano za madzi. Madzi abwino kwa munthu si onse amene ali abwino kwa nsomba. Madzi a pampopi amathiridwa klorini kuti aphe tizilombo toyambitsa matenda monga kolera. Chimodzimodzinso madzi a pakhomo othiridwa Certeza, kapena WaterGuard kutsidya ku Malawi. Kwa banja, mankhwala amenewa ndi opulumutsa moyo, ndipo asasiyidwe. Koma kwa nsomba, klorini amawotcha ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu, ndipo amaphanso tizilombo tothandiza ta m'sefa. Madzi otere aikidwe m'chidebe chosavindikira kwa masiku awiri kuti klorini auluke, kapena athiridwe mankhwala ochotsa klorini amene amagulitsidwa pamodzi ndi zipangizo za nsomba.

Madzi a pamjigo ndi a pachitsime chotetezedwa nthawi zambiri ndi abwino, ngakhale kuti amatuluka pansi ali ndi mpweya wochepa. Nawonso ayambe agona m'chidebe. Amene ayenera kupewedwa ndi madzi a m'dambo ndi a m'timitsinje todutsa m'minda. Angónia ndi dera la ulimi. Mbatatesi, kabichi, tomato ndi fodya zimapoperedwa mankhwala, ndipo mvula ikagwa zotsalira zake zimatsikira m'madzi pamodzi ndi feteleza. Pa chifukwa chomwechi, thanki ikhale ndi chidebe chakechake. Chidebe chimene chinasungunulirapo mankhwala opopera, kapena chochapiramo zovala, chikhoza kutha nsomba zonse tsiku limodzi ngakhale chitaoneka choyera.

Apa ndiye pagona nkhani: kodi kukhwima kwa thanki n'chiyani?

Nsomba ikamadya ndi kupuma imatulutsa zoipa m'madzi momwe ikukhalamo. Zoipazo, pamodzi ndi chakudya chotsala chimene chikuwola, zimabala poizoni wotchedwa amoniya. Mumtsinje poizoniyu amapita ndi madzi. M'thanki alibe kopita. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamera pa siponji ya sefa, pa timiyala ndi pa galasi. Gulu loyamba la tizilomboti limadya amoniya n'kumusandutsa chinthu china chotchedwa nitrite, chimene nachonso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limadya nitrite n'kumusandutsa nitrate. Maina awiriwa amamveka ofanana pawailesi, koma chofunika kugwira n'chakuti chomalizachi sichivulaza kwambiri. Chimapezekanso mu feteleza, zomera za m'thanki zimachidya, ndipo chotsala chimachoka posintha madzi.

Thanki yatsopano ilibe tizilombo tokwanira kugwira ntchito imeneyi. Tizilomboti timaswana pang'onopang'ono, ndipo pamatenga milungu 4 mpaka 6 kuti tichuluke. M'nyengo yozizira timachedwanso kuposa apo. Mlimi wa kuno amadziwa kuti manyowa osapsa amawotcha mbewu. Amayamba waunjika mulu, naudikira mpaka utawolerana bwino, ndiye n'kupita nawo kumunda. Thanki nayonso imafuna kudikiridwa choncho.

Kakhwimitsidwe kake n'kosavuta. Thanki idzazidwe madzi, sefa iyatsidwe ndipo izigwira ntchito usana ndi usiku, koma nsomba musakhale. Tsiku lililonse muziwazidwa kachakudya ka nsomba kotsina ndi zala ziwiri. Kachakudyako kakamawola kamabala amoniya, amene ndi chakudya cha mabakiteriya. M'masiku oyamba madzi akhoza kuchita mbuu ngati mwathiridwa kamkaka. Zimenezo si zoopsa, ndipo amayera okha. Amene ali ndi mnzake woweta nsomba zathanzi akhoza kupempha kachidutswa ka siponji yakale ya m'sefa, n'kukanyamula kali m'madzi, n'kukaika m'thanki yatsopano. Tizilombo tobwera ndi siponjiyo timafupikitsa nthawi yodikira.

M'masitolo a zoweta mumapezeka timabotolo toyezera madzi, timene timasintha mtundu ngati poizoni alipo. Thanki yakhwima pamene amoniya ndi nitrite sizikuonekanso. Amene alibe zoyezera adikire milungu 6 yathunthu. Kuyera kwa madzi si umboni, chifukwa amoniya alibe mtundu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Thanki iyambe yakhwima, nsomba zibwere pambuyo.

(Kanyimbo kachidule)

Omvera, kwa amene angotsegula kumene wailesi, nkhani ya lero ndi ya kuweta nsomba m'thanki yagalasi pakhomo. Gawo lotsatirali likukhudza dera lathu lino mwapadera, chifukwa ndi la kuzizira.

Mumzinda wa Tete, m'mbali mwa Zambezi, vuto la woweta nsomba ndi kutentha. Kuno kumapiri zinthu n'zosiyana. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Thupi la nsomba silidzipangira kutentha, limatsata madzi. Madzi akazizira kuposa mmene mtundu wa nsombayo unazolowera, imasiya kudya, imapinda zipsepse, imakhala duu pansi, ndipo matenda amailowa mosavuta. Matenda odziwika kwambiri ndi a timadontho toyera tangati mchere pathupi ndi pa zipsepse, amene amabuka kawirikawiri madzi akazizira mwadzidzidzi. Nsomba yodwala matendawa imadzikhula pamiyala.

Choncho woweta wa ku Angónia ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula hita yoika m'madzi, yozimitsa ndi kuyatsa yokha, pamodzi ndi kachipangizo koyezera kutentha. Njira imeneyi imafuna magetsi odalirika, ndipo imadya mayunitsi ambiri m'nyengo yozizira. Yachiwiri ndi kusankha nsomba zopirira kuzizira. Kwa woyamba kumene, njira yachiwiriyi ndiyo yopepuka.

Nsomba yopirira kuzizira yodziwika kwambiri ndi goldfish, yofiirira ngati lalanje, imene anthu a ku China anayamba kuweta zaka mazana ambiri zapitazo. Siifuna hita. Koma imakula kufika pa chikhatho cha munthu wamkulu kapena kuposa, imadya kwambiri, ndipo imadetsa madzi msanga. Thanki ya zidebe zinayi siingasunge zoposa imodzi kapena ziwiri zazing'ono, ndipo zikakula zimafuna malo okulirapo. Palinso tinsomba ting'onoting'ono toyenda m'gulu, monga White Cloud ta ku China ndi zebra danio tamizeremizere ta ku India, timene timapirira madzi ozizirirapo a m'nyumba, bola thanki ili m'chipinda chotetezeka ku mphepo. Matemba a m'mitsinje ya kumtunda kuno nawo anazolowera kale nyengo yathu, ndipo akakhala m'gulu kuwala n'kuwagunda amanyezimira mokongola. Koma mwana wa mlamba asaikidwe m'thanki. Amakula msanga ndipo amameza anzake onse. Nsomba za guppy, zamichira yamawangamawanga, zimene zimabereka ana amoyo m'malo moikira mazira, n'zosavuta kuweta, koma kuno zimafuna hita nyengo yozizira ikafika.

Nanga nsomba za ku nyanja yathu? Nyanja ya Malawi, imene kuno ku Mozambique imatchedwa Niassa, ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Mwa nsombazi muli mbuna, tinsomba tabuluu, tachikasu ndi tamizeremizere timene timakhala m'miyala, tikumadya ndere zomera pamatanthwe. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, osadya kwenikweni, mpaka ana atatha kusambira okha. Oweta nsomba a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan amazikonda kwambiri, ndipo kwa zaka zambiri zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Salima, kumene malemu Stuart Grant anakhazikitsa ntchito imeneyi pafupi ndi Senga Bay.

Ngakhale nyanjayi ili pafupi, mbuna si nsomba zoyambira nazo kuno. Madzi a kunyanja ndi ofunda, pafupifupi madigiri 24 mpaka 28, motero popanda hita mbuna sizingadutse mwezi wa Julaye kuno ku Angónia. Ndi nsomba zaukali, zolimbirana malo, zofuna thanki ya zidebe khumi kapena kuposa, yodzaza ndi miyala yobisalamo. Komanso nsomba zimenezi ndi zotetezedwa m'malo ena. Paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear inaikidwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1984, ndipo boma la Mozambique linakhazikitsa malo otetezedwa kumbali yake ya nyanjayi m'chaka cha 2011. Wofuna mbuna agule zoswedwa m'thanki kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo ayambe wafunsa za chilolezo asanawoloke malire ndi nsomba zamoyo.

(Kanyimbo kachidule)

Thanki yakhwima, mtundu wa nsomba wasankhidwa. Chotsatira ndi kuzibweretsa kunyumba. Pogula, nsomba yathanzi imadziwika ndi kusambira mwamphamvu, zipsepse zotambasuka, maso owala ndi thupi lopanda zilonda kapena timadontho. Ngati m'thanki ya wogulitsa muli nsomba yakufa kapena yodwala, zonse za mmenemo zisiyidwe. Ulendo wochokera ku Tete ndi wautali, ndipo umayambira kotentha n'kuthera kozizira. Jumbo ya nsomba ikhale ndi madzi ochepa ndi mpweya wambiri, ikulungidwe m'chitenje kapena m'thaulo, n'kuikidwa m'katoni kutali ndi dzuwa.

Pofika kunyumba, jumboyo iyandamitsidwe m'thanki isanamasulidwe kwa mphindi 20, kuti kutentha kwa madzi kufanane. Kenako madzi a m'thanki athiridwe m'jumbomo pang'onopang'ono. Pomaliza nsomba zitengedwe ndi kaukonde, madzi a m'jumbo atayidwe kunja. Poyamba ziikidwe zochepa, ndipo zina ziwonjezeredwe patapita milungu iwiri, kuti mabakiteriya achuluke molingana ndi zoipa zimene zikuwonjezeka.

Pa kadyetsedwe, nsomba zambiri za m'thanki zimafa ndi kukhuta osati njala. Zidye kamodzi kapena kawiri patsiku, chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri. Nsima, buledi ndi madeya zisaponyedwemo, chifukwa zimasungunuka n'kuwoletsa madzi. Pakhomo pamene pali ana ambiri, pasankhidwe mmodzi wodyetsa, kuopa kuti aliyense wodutsa aziwazamo kanthu. Mphutsi za udzudzu zopezeka m'madzi oyera a mvula ndi chakudya chabwino chapadera. Nsomba yaikulu yathanzi imatha kukhala masiku angapo osadya, choncho ulendo wa ku maliro kapena ku msika wa ku Lizulu si chifukwa chothirira chakudya chambiri nthawi imodzi.

Sabata iliyonse, gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi lichotsedwe ndi kapaipi, kamene kaziyamwanso zinyalala za pakati pa timiyala. Madzi ochotsedwawo ndi abwino kuthirira ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Madzi atsopano akhale ogona kale, ndipo afanane kutentha ndi a m'thanki; chidebe chimene chagona panja usiku wa Juni chiyambe chalowa m'nyumba. Kukhuthula madzi onse ndi kukwecha thanki mpaka mbee ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa kumapha tizilombo tija tinadikiridwa milungu 6, thanki n'kubwerera poyambira. Siponji ya sefa ifinyidwe mopepuka m'madzi ochotsedwa m'thanki momwemo, osati pampopi. Manja asambidwe ndi madzi okha asanalowe m'thanki, ndipo asambidwe ndi sopo akatulukamo.

Magetsi akathima kwa nthawi yaitali, thanki ifunditsidwe bulangete kuti isazizire, ndipo nsomba zisadyetsedwe. Nthawi ndi nthawi madzi atungidwe ndi kapu n'kuthiridwanso kuchokera m'mwamba kuti alowe mpweya. Nsomba zikamasonkhana pamwamba zikutsegula kukamwa, ndiye kuti mpweya wachepa kapena madzi aipa, ndipo chithandizo choyamba ndi kusintha gawo la madzi. Kapampu koyendera mabatire kapena sola kamathandiza kwambiri pa nthawi zotere. Chenjezo lina ndi la mankhwala a udzudzu. Opopera m'nyumba ndi ofukiza, onse amapha nsomba. Pa tsiku lopopera, kapampu kazimitsidwe, thanki iphimbidwe bwinobwino, ndipo ivundukulidwe fungo litatha.

Mfundo yomaliza ndi ya udindo. Nsomba kapena chomera cha m'thanki chisatayidwe mumtsinje, m'dambo kapena m'damu. Chamoyo chachilendo chikhoza kuswana n'kulanda malo a nsomba za kuno, kapena kubweretsa matenda amene nsomba zathu sizinawazolowere. Namasupuni, amene amatseka madzi mumtsinje wa Shire, ndi chomera cha ku South America chimene chinafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankakonda maluwa ake. Wotopa ndi nsomba zake azipereke kwa mnzake, kusukulu, kapena azibweze kwa wogulitsa.

Omvera, amene mtima wakhumba kuyamba ntchito imeneyi ayambe wadzifunsa mafunso atatu. Kodi pakhomo pali madzi abwino opezeka sabata ndi sabata? Kodi nsomba zimene akuzifunazo zingapirire kuzizira kwa Juni ndi Julaye m'chipinda chimene thanki idzakhale? Nanga mtima wodikira milungu 6 akuyang'ana thanki yopanda nsomba ulipo? Mafunso onsewa akayankhidwa kuti inde, ntchito iyambike, ndipo lamulo lake lisaiwalike: thanki iyambe yakhwima, nsomba zibwere pambuyo.